Mmene mungaunikire sewero la makatuni la nkhondo yam'mlengalenga

Sewero la makatuni lonena za nkhondo yam'mlengalenga limamutaya msanga wolemba ndemanga amene sadachenjere. Maso amakopeka ndi zombo zikuluzikulu, maloboti ndi mizinga yolavula kuwala, ndipo munthu akakhala pansi kuti alembe amapezeka kuti wadzaza masamba awiri ndi mayina a makina, koma sadanenepo kanthu pa za nkhondoyo. Ntchito yeniyeni ya wounika ndi kupeza funso limene sewerolo likufunsa lokhudza nkhondo, kenako n'kuona ngati nkhani, zojambula ndi mawu zikuthandizana poyankha funsolo kapena zikupingana. Kuti malangizowa asakhale oyandama, ndawamangirira pa sewero limodzi lodziwika bwino, Mobile Suit Gundam, limene lidaonetsedwa pa wailesi ya kanema ku Japan kuyambira mu Epulo 1979 mpaka mu Januwale 1980 motsogozedwa ndi Yoshiyuki Tomino. Amene sadalionere adziwiretu kuti zina mwa zochitika zake zitchulidwa pano.

Dziwani chimene mukuunika

Musanayambe kuonera, tsimikizani kuti chimene chili m'manja mwanu ndi chiti, chifukwa masewero amtunduwu kawirikawiri amakhala ndi mitundu ingapo ya dzina lofanana. Gundam ya pa wailesi ya kanema ili ndi magawo 43, koma m'zaka za 1981 ndi 1982 nkhani yomweyo idafupikitsidwa kukhala mafilimu atatu, ndipo m'mafilimuwo zina zidachotsedwa pamene zina zidajambulidwa mwatsopano. Komanso gawo la 15 lidasiyidwa pamene seweroli linkatulutsidwa m'Chingerezi ku America, potsatira pempho la Tomino mwini, kotero kuti anthu awiri angathe kukangana pa sewero limodzi asakudziwa kuti sadaonere zofanana. Sewero la ku America la Star Wars: The Clone Wars, limene lidayamba mu 2008, lili ndi vuto lake: magawo ambiri oyambirira sadaonetsedwe motsata nthawi ya zochitika m'nkhanimo, ndiye wounika ayenera kunena ngati adatsata ndondomeko ya kaonetsedwe kapena ya nkhani.

Nenaninso chilankhulo chimene mudamvera. Kuonera ndi mawu a Chijapani mukuwerenga kumasulira kolembedwa m'munsi n'kosiyana ndi kumvera mawu ojambulidwanso m'Chingerezi. Aliyense amene adakhalapo m'nyumba yoonetsera mafilimu omasuliridwa m'Chichewa akudziwa kuti womasulira angathe kusandutsa malo achisoni kukhala nthabwala, ndipo si chilungamo kudzudzula wolemba sewero pa mawu amene iye sadalembe.

Onerani lonse, ndipo onerani kawiri

Magawo 43 a mphindi pafupifupi 25 lililonse akukwana maola oyandikira 18, ndipo palibe njira yachidule. Kuona maso a nkhono n'kudekha: sewero la nkhondo limasintha nkhope likafika pakati, ndipo amene waweruza ataonera magawo atatu okha waunika chiyambi basi. Ulendo woyamba onerani manja ali pansi, mulole nkhaniyo ikutengeni, ndipo mukamaliza gawo lembani chiganizo chimodzi chokha chonena mmene mwamvera. Ulendo wachiwiri khalani ndi kope, mukulemba nambala ya gawo ndi mphindi ya chilichonse chimene mungadzafune kutchula. Ngati nthawi siikulola kubwereza zonse, bwererani ku gawo loyamba, gawo lomaliza, ndi magawo amene mudawakonda kapena kuipidwa nawo kwambiri, chifukwa umboni wa ndemanga yanu uli m'menemo.

Ifunseni nkhondoyo mafunso

Apa ndi pamene pagona ntchito yaikulu. Yambani ndi kulemba m'ziganizo zitatu amene akumenyana, chimene akulimbirana, ndi amene akuvutika nazo. Mukalephera kutero mutaonera sewero lonse, mwina simudamvetse, mwinanso sewerolo lidalephera kufotokoza, ndipo muyenera kudziwa kuti cholakwa chili mbali iti musanalembe.

Mu Gundam, anthu ambiri adasamutsidwira m'mizinda yomangidwa m'mlengalenga, ndipo m'chaka chimene nkhaniyo imachitcha 0079 gulu la mizinda lakutali kwambiri ndi dziko lapansi, lotchedwa Side 3, lidadzitcha dziko la Zeon n'kuyamba nkhondo yofuna ufulu wodzilamulira kuchoka ku Chitaganya cha Dziko Lapansi. Wofotokoza nkhani amanena poyambirira penipeni kuti pa nthawi yongopitirira mwezi umodzi mbali zonse ziwiri zidataya theka la anthu awo. Wounika wabwino aone msanga kuti dandaulo la anthu a Zeon lili ndi maziko, koma amene akuwatsogolera, a banja la Zabi, ndi olamulira ankhanza, pamene Chitaganya, chimene ampangankhani athu akuchimenyera nkhondo, chili ndi akuluakulu osasamala za anyamata amene akuwatumiza kukafa. Funso la seweroli, mmene ndikulionera ine, si lakuti apambane ndani, koma lakuti chimachitika n'chiyani kwa ana amene apatsidwa zida chifukwa akuluakulu atha kapena alephera.

Mukalipeza funso lotere, liyeseni ndi zochitika zenizeni. Amuro Ray, mpangankhani wamkulu, ali ndi zaka 15 pamene akukwera loboti yotchedwa Gundam, ndipo chombo cha Chitaganya chimene iye akuyendamo, chotchedwa White Base, chikuyendetsedwa ndi anthu wamba ndi asilikali ophunzira kumene chifukwa odziwa ntchito adaphedwa kapena kuvulazidwa pa chiwembu cha Zeon cha kumayambiriro kwa nkhani. Bright Noa, amene akukhala mtsogoleri wa chombocho, ali ndi zaka 19 zokha. M'gawo la 9 Amuro atopa, akukana kukamenyanso nkhondo, ndipo Bright akumuwomba makofi. M'gawo la 13 Amuro akupeza mayi ake akuthandiza pa msasa wa anthu othawa nkhondo. Asilikali a Zeon atafika kudzayendera msasawo, mayiwo akumubisa pabedi n'kumufunditsa, koma kachipangizo kake kolumikizirana ndi chombo kakulira, ndipo mnyamatayo akuwombera msilikali mmodzi pomwepo, n'kuthamangitsa winayo akuwomberabe. Chimene mayi akuona si mwana amene wapulumuka, koma mwana amene waphunzira kuloza munthu ndi mfuti, ndipo akumuuza kuti sadamulere chotero. Awiriwa akusiyana osagwirizana. Ndemanga imene yafotokoza chochitika chimodzi ngati ichi mosamala, n'kusonyeza chimene chikuwonjezera pa funso la sewero, yachita zambiri kuposa imene yatchula nkhondo khumi.

Kenako yang'anani adani. Kodi ali ndi nkhope, mabanja ndi zifukwa, kapena angoikidwa kuti aziphulitsidwa? Ramba Ral, msilikali wamkulu wa Zeon, amakumana ndi Amuro m'nyumba yodyera m'chipululu, amamulemekeza, ndipo pambuyo pake amagonja osati chifukwa cha mphamvu za mdani zokha, komanso chifukwa mkulu wina wa mbali yake yomwe adamumana zida zatsopano pa zifukwa za ndale. Garma Zabi amafa m'gawo la 10 ataperekedwa ndi mnzake Char Aznable, ndipo mkulu wake Gihren amasandutsa maliro ake kukhala msonkhano wokolezera nkhondo. Zinthu zotere zimasonyeza kuti olemba ankadziwa kuti gulu lankhondo limadyana lokhalokha mkati.

Musaiwale zam'khitchini ndi zamosungira katundu. Sewero limene asilikali ake samva njala, sasowa zipolopolo, ndipo makina awo sawonongeka likusimba za masewera, osati za nkhondo. M'gawo la 16 wophika wa White Base akudandaula kuti mchere watha, ndipo chombo chonse chikusintha njira kukafuna nyanja ya mchere. Wina angaone ngati kameneka n'kankhani kongodzazira nthawi, koma n'koyenera kukatchula m'ndemanga, chifukwa kakuonetsa mtundu wa nkhondo imene olemba ankafuna kuti woonera aikhulupirire.

Sayansi yake muiweruze ndi malamulo ake omwe

Owunika ena amataya ndime zambiri akudandaula kuti m'mlengalenga mulibe mpweya, choncho kuphulika sikungamveke. Zimenezo n'zoona, koma pafupifupi masewero onse amtunduwu amaika phokoso mwadala kuti woonera amve kulemera kwa nkhondo, ndipo kuwadzudzula pa chimenecho sikuuza wowerenga chatsopano. Chofunika kufufuza ndi chakuti kodi sewero lidadziikira malamulo otani, nanga likuwasunga?

Gundam idayenera kufotokoza chifukwa chake anthu amene ali ndi zombo zouluka pakati pa dziko ndi mwezi akumenyana moyandikana ndi maloboti otalika mamita 18, m'malo moponyerana mizinga ali patali. Yankho lake ndi tizinthu topeka tosaoneka ndi maso, totchedwa ndi dzina la Minovsky, timene tikamwazidwa timasokoneza radar (makina ozindikira zinthu zili patali) ndi mauthenga a wailesi, kotero kuti msilikali ayenera kuona mdani ndi maso ake. Tizinthuti kulibe m'sayansi yeniyeni, koma lamulo lake limagwira ntchito m'nkhani yonse. Mizinda yam'mlengalenga nayo idatengedwa ku maganizo a Gerard O'Neill, katswiri wa sayansi wa pa yunivesite ya Princeton, amene m'zaka za m'ma 1970 adalemba za malo okhalamo ooneka ngati migolo ikuluikulu yozungulira, imene kuzungulira kwake kumachititsa anthu kuponda pansi monga achitira padziko. Kudziwa zimenezi kumakuthandizani kusiyanitsa zimene olemba adabwereka ku sayansi ndi zimene adapeka.

Pamene sewero lasintha malamulo ake, nenani mosabisa. Chakumapeto kwa Gundam nkhani imatsamira kwambiri pa anthu otchedwa Newtype, amene amatha kumvana maganizo ndi kuzindikira zoopsa zisanafike. Ambiri amakonda mbali imeneyi, koma ine ndimaona kuti pa wailesi ya kanema idabwera mochedwa ndiponso mothamanga, ndipo idachepetsako mphamvu ya nkhani imene idayamba ndi anyamata wamba otopa ndi anjala. Mungathe kutsutsana nane, bola mupereke gawo ndi chochitika chimene chikuikira kumbuyo maganizo anu.

Zojambula: siyanitsani zinthu zitatu

Mawu akuti zojambula zake n'zabwino kapena n'zoipa sathandiza aliyense, chifukwa amaphatikiza zinthu zitatu zosiyana. Choyamba ndi maonekedwe a anthu ndi makina, amene mu Gundam adakonzedwa ndi Yoshikazu Yasuhiko kumbali ya anthu ndi Kunio Okawara kumbali ya makina. Chachiwiri ndi kayendedwe ka zithunzi. Filimu imayenda ndi zithunzi 24 pa sekondi imodzi, koma makatuni a pa wailesi ya kanema ku Japan, kuyambira nthawi ya katswiri wa makatuni Osamu Tezuka mu 1963, adazolowera kugwiritsa ntchito zojambula zochepa, kawirikawiri zisanu ndi zitatu pa sekondi, ndiponso kubwereza zidutswa zimene zidajambulidwa kale pofuna kupulumutsa nthawi ndi ndalama. Mu 1979 chithunzi chilichonse chinkapentedwa pamanja pa mapepala apulasitiki oonekera. Chachitatu, chimene ambiri amachiiwala, ndi kasankhidwe ka zimene woonera aone: chithunzi chatengedwa kuchokera kuti, chakhala nthawi yaitali bwanji, ndipo chatsatana ndi chiti.

Sewero lingafooke pa chachiwiri koma n'kulimba pa chachitatu, ndipo Gundam ndi chitsanzo chake. Muli magawo amene nkhope zimapotoka ndipo maloboti amasintha msinkhu, makamaka chakumapeto pamene Yasuhiko adadwala n'kugonekedwa m'chipatala. Komabe taonani mphindi zoyambirira za gawo loyamba: maloboti a Zeon otchedwa Zaku akuyandikira mzinda mwakachetechete, diso lawo limodzi likuyaka, ndipo atalowa mkati timawaona monga angawaonere munthu woima pansi. Kuphulika kukachitika, chithunzi sichithamangira ku loboti yopambana, koma chimaima pa mitembo ya anthu wamba ndi pa mtsikana Fraw Bow amene wataya abale ake. Kusankha kotero sikufuna ndalama zambiri, kumafuna wotsogolera wodziwa chimene akufuna kunena. Poweruza kayendedwe ka zithunzi, yerekezerani sewero ndi anzake a nthawi yake, osati ndi makatuni opangidwa pa kompyuta zaka makumi anayi pambuyo pake.

Za mawu ndi nyimbo sindichulukitsa. Tsekani maso kwa mphindi imodzi pakati pa nkhondo, mumve ngati mungasiyanitse zida za mbali ziwirizo, ndipo onani malo amene nyimbo yasiyidwa dala. Ngati mukutamanda mawu a mpangankhani, tchulani mwini mawuwo: m'Chijapani Amuro adalankhulidwa ndi Toru Furuya, ndipo Char ndi Shuichi Ikeda.

Fufuzani amene adalipira

Makatuni a maloboti a nthawi imeneyo ankapangidwa ndi ndalama za makampani a zidole, ndipo dzanja la wolipira limaoneka m'nkhani. Gundam idapangidwa ndi kampani ya Nippon Sunrise mothandizidwa ndi kampani ya zidole ya Clover. Pakati pa sewero mumatulukira ndege yotchedwa G-Fighter, yolumikizika ndi loboti m'njira zosiyanasiyana, imene ntchito yake yaikulu idali kugulitsa chidole, ndipo pokonza mafilimu atatu aja idachotsedwa. Oonera atachepa ndiponso zidole zitalephera kuyenda malonda, magawo adadulidwa kuchoka pa 52 amene adakonzedwa kufika pa 43, chimene chikufotokoza kuthamanga kwa mathero. Kutchuka kudabwera pambuyo, seweroli litabwerezedwa pa wailesi ya kanema ndiponso kampani ya Bandai itayamba kugulitsa timaloboti tapulasitiki todzilumikizira mu 1980.

Mbiri yotereyi muigwiritse ntchito pofotokoza chofooka, osati pochikhululukira. Wowerenga amene akuganiza zoonera ayenera kuuzidwa kuti mathero ndi othamanga, ndipo chifukwa chake chibwere pambuyo pa chenjezolo.

N'chimodzimodzi ndi mbiri ya dziko limene sewero lidachokera. Olemba ambiri a makatuniwa adabadwa nthawi ya nkhondo yachiwiri yapadziko lonse kapena itangotha kumene (Tomino adabadwa mu 1941), ndipo Space Battleship Yamato ya 1974 idafika potenga chombo chenicheni chankhondo cha Japan chimene chidamizidwa mu 1945 n'kuchiukitsa kuti chikapulumutse dziko. Kuyerekeza masewero awiriwa kumapindulitsa, chifukwa Yamato imalemekeza kudzipereka kwa asilikali pamene Gundam imakukayikira. Koma samalani ndi chizolowezi chonena kuti gulu lakuti likuimira dziko lakuti popanda umboni. Ngati mukufuna kufanizira Zeon ndi Germany ya Hitler, umboni ulipo m'sewero momwemo, pamene Degwin Zabi akuyerekeza mwana wake Gihren ndi Hitler. Pamene umboni wotere palibe, nenani kuti ndi maganizo anu.

Kulemba ndemangayo

Yambani ndi chiweruzo chanu kapena ndi funso la sewero, osati ndi mbiri ya makatuni a ku Japan kuyambira pachiyambi. Chidule cha nkhani chisapitirire ndime imodzi, ndipo chiime pamene pathera magawo awiri kapena atatu oyambirira. Gawo lalikulu la ndemanga likhale mfundo ziwiri kapena zitatu zimene mwazitsimikiza ndi zochitika za m'kope lanu lija. Zina zonse, ngakhale zikhale zokoma, zisiyeni.

Chiganizo chilichonse choweruza chiyende ndi umboni wake. Kulemba kuti ampangankhani ake ndi ozama ndiponso nkhondo zake n'zochititsa chidwi ndi kulemba chimene chingakwane pa sewero lililonse. Kulemba kuti Amuro akamapambana nkhondo amanka natalikirana ndi anthu amene akuwateteza, mpaka mayi ake omubereka akumuona ngati mlendo m'gawo la 13, ndi kupatsa wowerenga chinthu choti akachione yekha, avomereze kapena atsutse. Tchulani chofooka chimodzi chenicheni ngakhale pa sewero limene mumalikonda, ndipo tchulani chabwino chimodzi chenicheni pa limene lakukhumudwitsani, chifukwa wowerenga amakhulupirira wounika amene waonetsa kuti adayang'ana mbali zonse.

Pa za kuulula mathero, ukale wa sewero si chilolezo. Sewero la 1979 ndi latsopano kwa munthu amene akulipeza lero pa intaneti. Ngati mfundo yanu siingaime popanda kutchula imfa ya mpangankhani kapena pampondachimera, ikani chenjezo pamwamba, kapena gawani ndemanga pawiri kuti mbali yachiwiri ikhale ya amene adaonera kale. Nenaninso amene seweroli lingamuyenere. Makolo ambiri amaganiza kuti katuni iliyonse ndi ya ana, pamene m'masewero awa anthu amafa moonekera, ndipo ndi udindo wa wounika kuwauza zimenezo momveka. Ngati mumapereka mamalikisi kapena nyenyezi, ziikeni kumapeto ndipo zigwirizane ndi zimene mwalemba, chifukwa ndemanga yodzaza ndi madandaulo imene ikutha ndi 9 pa 10 imasokoneza wowerenga.

Amene akuunika sewero limene likuonetsedwabe, gawo limodzi pa sabata, ali ndi ntchito yosiyanako. Iye aweruze gawolo pa zimene lachita palokha, alembe zimene akuyembekezera ngati zongoyembekezera, ndipo sewero likatha alembe ndemanga ina yoona nkhani yonse pamodzi, popeza gawo looneka lopanda ntchito pa sabata yachisanu lingathe kukhala maziko a mathero.

Musanatumize ndemanga yanu, tsimikizani kalembedwe ka mayina, zaka ndi manambala a magawo. Mayina a Chijapani ndi opeka amalembedwa mosiyanasiyana malinga ndi womasulira, monga dzina la Zeon limene m'zomasulira zina zakale lidalembedwa Zion kapena Jion, choncho sankhani kalembedwe ka amene adatulutsa mtundu umene mudaonera ndipo mukasunge kuyambira pamutu mpaka pa mzere womaliza. Ngati mtundu wanu ulibe gawo la 15, onetsetsani kuti manambala a magawo otsatira akugwirizana ndi a ku Japan, kapena muuze wowerenga kuti mukuwerenga motsata mtundu wa magawo 42.